Malamba a gitala: kodi gitala iliyonse imafuna wakewake?

Anzanga a geni, amene timanyamula zida zoimbira kuchokera kuno ku Johannesburg kupita nazo kumudzi timalidziwa funso ili. Kasitomala ali ndi gitala kale, waoda ina, ndalama yamuthera pa gitalayo, ndiye akufunsa kuti: "Kodi lamba ndili nayeyu sangakwanire zonse ziwiri?" Ngati ndi mpingo umene magitala atatu amalira nthawi imodzi, palibe nkhani, malamba ndi atatu basi. Nkhani ili pa munthu mmodzi amene ali ndi magitala awiri kapena atatu, koma amaimba imodzi pa nthawi.

Yankho langa ndi loti si lamulo. Wogulitsa amene amauza aliyense kuti gitala iliyonse payokha lamba wake akungofuna kukankha katundu, ndipo oimba amauzana. Koma pali magitala ena amene sangabwerekane lamba ngakhale mwini wake atafunitsitsa, ndiye ife tiyenera kuwadziwa tisanalandire ndalama ya munthu.

Tiyambire pamene lamba amakolekedwa. Gitala yamagetsi imakhala ndi timabatani tiwiri tachitsulo, kena kumunsi, kena chakumtunda pafupi ndi khosi. Lamba amakhala ndi kachikopa mbali zonse ziwiri, kali ndi bowo long'ambidwa pang'ono. Nthawi iliyonse imene munthu akuchotsa lamba pa gitala iyi kukaika pa inayo, bowo lija limakula. Poyamba sizioneka. Pakapita miyezi lambayo amayamba kulowa mosavuta, ndipo tsiku lina woimba akungotembenuka kuti ayang'ane wa ng'oma, gitala ili pansi pa simenti. Magitala a mtundu wa Les Paul ndi SG ndi amene amavulala kwambiri, chifukwa mutu wake ndi wopendekera kumbuyo ndipo umakonda kuthyokera pamene wakumana ndi khosi. Kukonzetsa zimenezo, ngati mmisiri wake wapezeka n'komwe, ndalama yake ingagule malamba mulu. Choncho popikula musayambe ndi kuyang'ana maluwa a pa lamba. Gwirani nsonga zake. Chikopa chikhale chokhuthala, kapena ziwiri zosokedwa pamodzi, ndipo chizivuta kulowa pa batani. Lamba watsopano amene akulowa ngati wakale, msiyeni pomwepo.

Gitala ya acoustic ili ndi zake. Zambiri zimabwera ndi batani limodzi lokha, la kumunsi. Mbali inayo mumamanga ndi kachingwe kumutu kwa gitala, kudutsitsa pansi pa nsambo, kuseri kwa kafupa kamene nsambozo zimatsamirapo. Malamba ena amabwera ndi kachingweko, ena ayi, ndiye funsani, kapena ikanimo chingwe cha nsapato cholimba. Palibe woimba amene angamamange ndi kumasula mfundo imeneyi Lamulungu lililonse, ndiye lamba wa pamenepa amangokhala pomwepo. Acoustic yolumikiza ku sipika ndiye ina: pambiri batani la kumunsi ndi pomwenso pamalowa chingwe cha magetsi, ndipo ndi lalikulu kuposa batani wamba. Kuti lamba alowe, anthu amakuza bowo ndi mpeni. Akatero, lamba ameneyo wakwatiwa ndi gitala imeneyo, chifukwa pa batani wamba azingovuka. Magitala a nsambo za nayiloni, aja amati classical, ambiri alibe batani ngakhale limodzi. Amafuna lamba wovala m'khosi amene ali ndi kangowe kokola pa bowo la gitala, ndipo woimba sangachotse manja onse awiri. Mukamugulitsa munthuyo lamba wamba, alibe pomukoleka.

Kenako kulemera. Acoustic imalemera makilogalamu 2 kapena kuchepera apo. Gitala ya mtundu wa Stratocaster ili cha m'ma 3.5, Les Paul imafika 4 mpaka 4.5, ndipo besi, makamaka ya nsambo zisanu ija amakonda m'mipingo, imatha kuyandikira 5. Lamba wamba ndi wa masentimita 5 m'lifupi. Pa acoustic kapena lidi yopepuka ndi wokwanira. Koma taganizirani woimba besi pa mapemphero a usiku wonse, kapena pa ukwati woyambira kutchalitchi mpaka kuholo, makilogalamu 5 ali pa kalamba ka masentimita 5. Phewa limachita dzanzi. Wa besi amafuna lamba wa masentimita 7.5 mpaka 10, wokhala ndi siponji mkati kapena wa neoprene, nsalu yofewa yotamuka ija. Apa ine sindinyengerera: munthu wa lidi ndi besi agule awiri.

Pali kanthu kena kamene oimba amadandaula koma sadziwa kuti gwero lake ndi lamba. Magitala ena ndi olemera chakumutu, monga SG ndi mabesi ambiri otchipa. Ukangochotsa dzanja lamanzere, mutu umagwera pansi. Lamba woterera, wofanana ndi lamba wa mpando wa galimoto, amangotsetsereka pa malaya, ndiye dzanja limene limayenera kuthamanga pa nsambo limakhala pa ntchito yonyamula khosi. Mankhwala ake ndi lamba wokhakhala kunsi, wa thonje kapena wa chikopa chosasalala chija amati suede. Kasitomala akakuuzani kuti gitala munamugulitsa ija "imagwa mutu", musathamangire kubweza ndalama. Muyeseni kaye lamba wotere.

Za kutalika ndiye pamene kwathu pamasiyana ndi kuno. Woimba wa kuno amene ali ndi magitala anayi amafuna lamba pa iliyonse chifukwa mabatani sakhala malo amodzi. Lamba amene wamuika bwino pa Stratocaster, ukamusamutsira pa acoustic yonenepa ija gitala imakwera pachifuwa, ndiye uyambirenso kusintha. Kumudzi vuto ndi lotembenuka: gitala ndi imodzi, manja ndi ambiri. M'mawa akuimba mnyamata wamfupi wa kwaya ya achinyamata, masana bambo wamtali wamimba. Lamba wachikopa weniweni, uja amasintha polowetsa kachingwe m'mabowo, ndi wokongola ndipo amakhalitsa, koma kumusintha kumafuna kukhala pansi. Wa nayiloni wokhala ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kokoka amasinthika nyimbo ili mkati. N'chifukwa chake mpingo ndimaugulitsa wa nayiloni, pamene wachikopa ndimasungira munthu amene gitala ndi yakeyake. Malamba ambiri amatalika kuchokera cha m'ma masentimita 100 mpaka 150. A Ernie Ball a polypro aja amapitirira 180, ndipo amathandiza kwa anthu a matupi akuluakulu. Wophunzira kumene muuzeni kuti asinthe lamba ali chikhalire, kuti akaimirira gitala ikhale pamalo omwewo pamene inali pamwendo. Akaitsitsa kufika m'mawondo ngati a pa TV, zala sizifika pamene anazizoloweza.

Kwa amene akufunadi lamba mmodzi wabwino pa magitala onse, njira ilipo, ndipo ndi geni inanso kwa ife. Pali timaloko totchedwa strap lock. Mbali imodzi imamangidwa pa lamba osachokanso, mbali inayo imalowa m'malo mwa batani la pa gitala. Ukadina kapena kukoka, lamba wachoka, bowo la chikopa osavutika. Odziwika ndi a Schaller a ku Germany ndi a Dunlop a ku America. Chofunika kudziwa n'choti awiriwa salowana. Lamba wa Schaller sagwira pa batani la Dunlop. Ndiye munthu akasankha mtundu umodzi, magitala ake onse aikidwe mabatani a mtundu womwewo, ndipo inu musasakanize m'thumba limodzi. Chenjezaninso za sikuluwu. Imene imabwera ndi loko nthawi zina imakhala yowonda kuposa imene inali pa gitala, ndiye imagwedera. Amisiri amaika timitengo ta machesi ndi guluu wa matabwa m'bowomo, kenako n'kumanga. Kwa a m'thumba mochepa, pali timphira tozungulira tovekedwa pa batani pamwamba pa lamba. A Fender ndi a Ernie Ball amatigulitsa m'timapaketi, ndipo oimba akale ankangochotsa kamphira kofiira ka pa chitsekero cha botolo la Grolsch. Ngakhale chubu cha galimoto chodulidwa bwino chimagwira ntchito. Kungoti timphirati timavuta kuchotsa, ndiye ndi ta lamba wokhazikika pa gitala imodzi.

Anzathu a ku Britain ndi America amene mumatumiza magitala akaunjika, imvani ichi. Magitala odula a Gibson ndi Martin amapakidwa vanishi wa nitrocellulose. Vanishi ameneyu sagwirizana ndi vinyl, pulasitiki wofewa amene amapangira zikopa zabodza, komanso mphira wina. Lamba wotere akagona pa gitala mkati mwa bokosi masabata angapo, makamaka kukutentha, amadya vanishi n'kusiya chipsera chosachoka. Gitala imene imayenera kukupatsani phindu lenileni imafika ili ndi mzere pamsana. Chotsani lamba, mukulungeni payekha. Magitala otchipa amene ambirife timanyamula ali ndi penti wolimba wa polyurethane kapena polyester amene sachita zimenezi, komabe zitsulo za pa lamba zimakanda basi ikamagwedezeka kuchokera Park Station mpaka Wenela.

Chikopa chabodza chili ndi vuto linanso: chimasupuka. Kutentha kwa pa Beitbridge ndi ku Tete kumachiyamba, thukuta la woimba wa ku Nsanje kapena Salima n'kudzachimaliza. Kuti muchidziwe, yang'anani m'mphepete modulidwa. Chabodza chimaonetsa kansalu kapena siponji pansi pa khungu lopyapyala, ndipo chimanunkha pulasitiki. Ine ndimati bola nayiloni wabwino wa nsonga zachikopa kusiyana ndi "chikopa" chonyezimira cha mtengo womwewo. Malamba achikopa chenicheni musawapinde, akulungeni ngati nkhata, ndipo nthawi ya dzinja asakhale pachinyezi chifukwa amachita nkhungu. Aja olembedwa Fender kapena Gibson koma mtengo wake wa mbale ya nsima, mukudziwa kale kuti ndi otani. Katundu wa dzina lakuba akhoza kulandidwa pachipata, ndipo woimba wodziwa amazindikira. Kumbukiraninso kuti lamba wopangidwa ku China sasanduka wa ku South Africa chifukwa mwamugula ku Johannesburg, choncho musayembekeze kuti a MRA pa Mwanza kapena Dedza amuchotsera msonkho ngati katundu wopangidwa mu SADC. Sungani malisiti, mulembetse limodzi ndi magitalawo.

Pa mpamba wochepa, ine pa malamba khumi ndingatenge asanu ndi mmodzi a nayiloni akuda, awiri aakulu a besi, mmodzi wathonje ndi mmodzi wachikopa. Wakuda sagona. A zigaza ndi malawi a moto amakongola pa shelefu, koma ogula athu ambiri ndi a mpingo, ndipo palibe mkulu wa mpingo angalole zimenezo kuguwa. A mitundu ya chirasta ali ndi anthu ake, ochepa koma osanenerera.

Ndipo basi isamabwerere kuno yopanda kanthu. Telala wa kumudzi amatha kusokera chitenje pa lamba wa nayiloni wa masentimita 5, wosoka nsapato n'kuikako nsonga zachikopa, popeza makina wamba a telala sabowola chikopa chokhuthala. Oimba a m'mipingo ya Amalawi ndi a ku Zambia kuno amasangalala kupachika chitenje cha kwawo paphewa. Nsonga zokhazo musachite nazo chinyengo, zisokedwe mizere iwiri.

Musanaode lamba aliyense, uzani kasitomala ajambule gitala yake pa WhatsApp malo atatu: kumunsi, pamene khosi lakumana ndi thupi, ndi kumutu. Mufunseninso ngati amaimba yekha kapena amalandizana ndi ena, komanso amaima nayo maola angati. Ngati magitala ake onse ndi amagetsi, olemera mofanana, mugulitseni lamba mmodzi wabwino ndi mabatani a loko okwanira magitala onsewo. Ngati pali besi, kapena acoustic yomanga ndi chingwe, kapena ija yolumikiza ku sipika, imeneyo iwerengereni lamba wakewake pa mtengo womwe mukumuuza poyamba, asadzadabwe katundu atafika.