Chiyambi cha Mayina a Kagwetsedwe mu Resiling'i

Masewera ogwetsana a pa wailesi yakanema, amene anthu a m'makomboni a Lusaka amangowatchula kuti resiling'i, ali ndi mawu akeake amene ana a ku Kanyama, Matero ndi Chawama amawadziwa pamtima ngakhale kuti palibe amene anawauza tanthauzo lake. Mayina amene amafuulidwa anyamata akamagwetsana pa mchenga kapena pa matiresi otha anawamva kuchokera ku kampani ya WWE ya ku America, imene masewera ake anayamba kuonetsedwa pa SuperSport mu 2017, ndipo amaonereredwa m'mabala, m'malo ometera tsitsi ndi m'nyumba zokhala ndi GOtv. Popeza wopambana amakhala atasankhidwa kale ndi eni masewerawo, dzina la kagwetsedwe nthawi zambiri silikhala lofotokoza zimene thupi likuchita, koma ntchito yake yaikulu ndi kutsatsa munthu amene amakagwiritsa ntchito.

Mayina akale ndiwo amayesako kufotokoza. Clothesline ndi chingwe choyanikapo zovala, ndipo dzinali limamveka msanga kwa aliyense amene anathamangapo usiku pakati pa nyumba zothithikana za ku Kalingalinga n'kukodwa pakhosi ndi waya wa zovala, pakuti wogwetsa amatambasula mkono kuti mnzake wobwera ndi liwiro agunde khosi, miyendo n'kupitirira yokha. Piledriver ndi makina okhomera mizati ya nyumba kapena mlatho m'nthaka, ndipo munthu wozondotsedwa mutu pansi ndiye mzatiwo. Suplex, kumene ndi kunyamula munthu n'kumuponya chagada podzipinda msana, amachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kufewa kwa thupi.

Pamene dzina la dziko laphatikizidwa, choonadi chimayamba kupindika. Irish whip, kukoka munthu padzanja n'kumukankhira ku zingwe zozungulira bwalo, anatchulidwa polemekeza Danno O'Mahony wa ku Ireland, amene anatchuka ku America mu 1935, ndipo apa dzina likugwirizana ndi mwini wake. Koma German suplex anatchulidwa chifukwa cha Karl Gotch, amene anabadwira ku Antwerp m'dziko la Belgium mu 1924 ndipo otsatsa masewera ndiwo ankamulengeza ngati munthu wa ku Germany. Chimodzimodzi Trouble in Paradise, kutanthauza mavuto m'paradaiso, ndi dzina la chidyali chozungulira cha Kofi Kingston, lopekedwa pamene WWE inkamuonetsa ngati wa ku Jamaica, chilumba cha alendo okaona malo, pomwe iye anabadwira ku Ghana. Mu 2019 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wamkulu wa WWE, koma dzina la chilumba cha eni lija linamukakamirabe.

Dzina limene lili pafupi kwambiri ndi moyo wa m'komboni ndi DDT. Kagwetsedwe aka, kopana mutu wa munthu kukhwapa n'kudzigwetsa chagada kuti chipumi chake chimenye pansi, kanatchuka ndi Jake Roberts m'zaka za m'ma 1980, ndipo iye mwini amafotokoza kuti kanayamba mwangozi, atapunthwa ali chigwirire mutu wa mnzake. Zilembo zitatuzo anazitenga ku mankhwala ophera tizilombo amene dziko la America linaletsa mu 1972, chifukwa kwa anthu a kumeneko dzinalo linkamveka ngati poizoni. Ku Zambia mankhwala omwewo ali ndi mbiri ina, pakuti kampani ya Konkola Copper Mines inayamba kuwapopera m'makoma a nyumba ku Chingola ndi Chililabombwe mu 2000 pofuna kupha udzudzu, ndipo pambuyo pake boma linafalitsa ntchito yopoperayo m'mizinda ina, kuphatikizapo Lusaka. Motero m'nyumba imodzi kholo lingamve zilembozo n'kukumbukira anthu opopera mankhwala a malungo, mwana n'kuganiza za mutu womenyetsedwa pansi, ndipo onse awiri akunena chinthu chimodzi.

Mayina a masiku ano ambiri ali ngati chidindo cha mwini. RKO ndi zilembo zoyamba za Randal Keith Orton, ndipo 619 ya Rey Mysterio ndi nambala yoyambira poimba lamya ku San Diego kwawo, monga 0211 ilili ku Lusaka. Tombstone, mwala wa pamanda, ndi piledriver yemwe uja atapatsidwa dzina loyenera Undertaker, amene anafika mu 1990 ngati munthu woika maliro, pamene Pedigree, kutanthauza mndandanda wa makolo a mtundu wapamwamba, ndi chotsalira cha nthawi imene Triple H ankasewera ngati mwana wa banja lolemera lonyoza osauka. Khalidwe limenelo analisiya kalekale koma dzina linatsala, monga komboni ya John Laing isungira dzina la kampani yomanga imene ambiri okhalamo lero sanaionepo.

Mbiri ya dzina la kagwetsedwe ka John Cena imaonetsa poyera kuti ndalama ndi zimene zimalamula. Brock Lesnar anatchula kagwetsedwe kake kuti F-5, mlingo wapamwamba pa sikelo ya Fujita yoyezera mphamvu ya kamvuluvulu, ndipo mu 2003 Cena, pomunyoza, anatchula kake kuti FU, chidule cha mawu otukwana m'Chingerezi. WWE itaganiza mu 2008 zokopa mabanja ndi makampani otsatsa katundu wa ana, chitukwanocho chinakhala chochititsa manyazi, ndipo mu 2009 kunyamula komweko, kosasintha ngakhale pang'ono, kunayamba kutchedwa Attitude Adjustment, kuwongola khalidwe la munthu wamwano.

Chimene mayina okomawa amabisa ndi chakuti ngozi yake si yopeka ayi. Mu 1997, pa masewera a SummerSlam, Owen Hart anazondotsa Steve Austin molakwika n'kumuvulaza khosi, ndipo cha m'ma 2000 kampaniyo inaletsa piledriver kwa ambiri, kusiyira ochepa monga Undertaker ndi Kane. Akatswiriwo amagwera pa matabwa onyumpha oyalidwa zofewa ndiponso amaphunzira kagwedwe kwa zaka, pamene nthaka ya ku Kanyama ndi ku George ili ndi thanthwe lotulukira pamwamba, ndipo mnyamata wokuwa kuti Tombstone amadziwa dzina lokha osadziwa kuti mawondo a wogwetsa ndiwo ayenera kufika pansi, osati mutu wa wogwetsedwa.