Kachingwe ka Anthu Awiri: Mbiri ya Henry Wanyoike ndi Womtsogolera Wache

Mwezi uno tafuna kukusimbirani mbiri ya anthu awiri a ku dziko la Kenya, amene adamveka m'maiko ambiri chifukwa cha liwiro lao. Mmodzi dzina lache ndi Henry Wanyoike, ndiye wakhungu. Winayo ndi Joseph Kibunja, ndiye womtsogolera. Pothamanga amagwira kachingwe kamodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Ndipo ndi kachingwe kameneko adapambana makani akuru a liwiro, nathandiza kusonkhanitsa ndalama zochiritsira anthu odwala maso. Tiyesa kuti mbiri yao iri ndi phunziro pa mabanja athu, pakuti midzi njochepa imene mulibe munthu wobvutika maso.

Mdima udza usiku umodzi

Henry adabadwa chaka cha 1974 ku Kikuyu, malo a kumapiri pafupi ndi mzinda wa Nairobi. Adabadwa wopenya bwino, ndipo ali mwana pa sukulu anali kale ndi liwiro. Koma makolo athu adanena kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. M'mwezi wa May chaka cha 1995, zaka 21 asanakwanitse, adagwidwa ndi nthenda ya mitsempha ya m'mutu, imene madotolo amaitcha sitiroko. Adagona akupenya, nadzuka maso atachita mdima. Ndipo kuwala pang'ono kumene kudatsala kudamka kuzirala kufikira kudatheratu.

Taganizani, abale, mnyamata wa msinkhu umenewo, woyenera kuyamba kuthandiza makolo ache, tsopano sangathe kupita ngakhale ku chitsime popanda womgwira dzanja. Henry adataya mtima, nakhala zaka zingapo ali ndi chisoni chachikuru. Pambuyo pache adamka naye ku chipatala cha maso cha ku Kikuyu komweko. Maso ache sadathe kuwachiza ai. Koma anthu a pamenepo adamlimbitsa mtima, namsonyeza kuti manja ndi miyendo ndi nzeru zache zidakalipo. Adapita ku sukulu ya anthu akhungu ku Machakos, kumene adaphunzira kuluka majuzi pa makina. Ndipo kumeneko adayambanso kuthamanga, mnzache wopenya atamgwira.

Makani a ku Sydney

Pali makani akuru a anthu olumala a dziko lonse lapansi, otchedwa Paralympics, amene amachitika pakapita zaka zinai ziri zonse. Adayamba ku Rome chaka cha 1960, ndipo anthu akhungu adaloledwa kulowamo kuyambira chaka cha 1976 ku Toronto. Chaka cha 2000 makaniwo adachitikira ku Sydney, m'dziko la Australia, ndipo dziko la Kenya lidatumiza Henry kukathamanga mtunda wa mamita 5,000. Bwalo la liwiro kulizungulira kamodzi ndi mamita 400. Tsono mtunda umenewu ndiko kuzungulira bwalo ka 12 ndi theka.

Tsiku limenelo padachitika chinthu chimene anthu saleka kuchikamba. Henry anali patsogolo pa onse, koma atayandikira kumapeto, munthu amene anamtsogolera mphamvu zidamthera. Henry sakadatha kumsiya, pakuti wakhungu akataya womtsogolera wataya njira, ndiponso malamulo salola. Chifukwa chache adamkoka mnzacheyo ndi chingwe chomwecho, anthu akupfuula m'bwalo monse, nafika woyamba, nalandira mendulo ya golidi. Wotsogozedwa ndiye adasanduka wonyamula mnzache.

Koma chinthu chimenechi chidaonetsa poyera bvuto lalikuru la wothamanga wakhungu: kupeza munthu wopenya amene angafanane naye liwiro. Atabwerera kwao, Henry adagwirizana ndi Joseph Kibunja, bwenzi lache la paubwana, ndipo awiriwa adathamangira limodzi zaka zambiri m'maiko ambiri.

Nchito ya wotsogolera

Mwina wina angayese kuti kutsogolera wakhungu pa liwiro nkungogwira chingwe ndi kuthamanga. Iai, nchito imeneyi iri ndi malamulo ache ndi luso lache.

Othamanga obvutika maso amawagawa magulu atatu, otchedwa T11, T12 ndi T13. A T13 amapenya pang'ono, ndipo amathamanga okha. A T12 amasankha, kaya kukhala ndi wowatsogolera, kaya ai. A T11, gulu la Henry, ndiwo osapenya konse kapena ongozindikira kuwala. Iwowa ayenera kukhala ndi wowatsogolera, ndiponso amabvala chophimba m'maso, kuti pasakhale wina wopambana anzache chifukwa cha kupenya pang'ono.

Chingwecho nchachifupi, chosapitirira theka la mita, ndipo yense amachigwira ku dzanja lache. Wotsogolera saloledwa kukoka mnzache kapena kumkankha. Akatero, onse awiri amachotsedwa m'makani. Pofika kumapeto, wakhunguyo ndiye ayenera kuyamba kudutsa mzere, wotsogolera pambuyo. Pa mitunda yaitari amalola otsogolera awiri kuti azilandirana, chifukwa kawirikawiri mmodzi sangathe kupirira njira yonse.

Miyendo yao iyenera kugwirizana monga amai awiri osinja mu mtondo umodzi. Ngati wotsogolera ali ku dzanja lamanja la mnzache, pamene wakhungu aponya mwendo wamanja, iye aponye wamanzere, kuti manja awiri ogwira chingwe apite patsogolo nthawi imodzi. Akasemphana, chingwe chimagwedeza onse awiri, ndipo mphamvu zimatayika pachabe.

Ndiponso wotsogolera sakhala chete. Amauza mnzache zonse ziri m'njira zisanafike: pokhota, chitunda, potsetsereka, dzenje, madzi otayika pamseu, munthu amene ali patsogolo ndi mbali yompitirira. Amamuuza mtunda umene watsala ndi nthawi imene yapita; amamtengeranso madzi akumwa pa matebulo a m'mbali mwa njira. Tsono kulankhula uli pa liwiro lalikuru kumafuna mpweya wochuruka. Nchifukwa chache wotsogolera ayenera kukhala wamphamvu kuposa amene amtsogolera. Adziphunzitsa m'mamawa masiku onse monga mnzacheyo, atopa monga mnzacheyo. Koma dzina lomveka si lache. Pa zaka zambiri otsogolera a liwiro sankalandira mendulo pa makani a Paralympics. Adayamba kulandira chaka cha 2012 ku London.

Nanga wakhunguyo? Iye apereka thupi lache lonse m'manja mwa mnzache. Inu yesani kutsinzina ndi kuyenda msanga kuchokera pakhomo panu kufika ku nkhokwe, mudzaona m'mene mtima umagundira. Henry amathamanga ndi mphamvu zache zonse mumdima womwewo, pakati pa anthu zikwi zambiri, chifukwa akhulupirira kuti mnzache sadzamnamiza ngakhale pa phazi limodzi. Chikhulupiriro chotere sichimera tsiku limodzi. Chimakula pang'onopang'ono, ndi kuyenda limodzi masiku ambiri.

Zipatso za kugwirizana

Chaka cha 2004, pa makani a ku Athens m'dziko la Greece, Henry adalandira mamendulo awiri a golidi. Mamita 5,000 adawathamanga maminiti 15 ndi masekondi 11. Mamita 10,000, ndiko kuzungulira bwalo ka 25, adawathamanga maminiti 31 ndi masekondi 37. Pa mitunda yonse iwiri panalibe wakhungu wina pa dziko lapansi amene adafikapo pa nthawi zimenezo.

Adalowanso m'makani a marathoni, amene mtunda wache ndi makilomita 42 ndi mamita 195, kapena kuti mailosi 26 ndi kanthu. M'mwezi wa April chaka cha 2005 adathamanga ku London maora 2, maminiti 32 ndi masekondi 51. Patangopita sabata imodzi, thupi lisanapume bwino, adathamanganso ku Hamburg m'dziko la Germany, natsiriza pa maora 2, maminiti 31 ndi masekondi 31. Ndiko kunena kuti kilomita iri yonse ankaitha pa maminiti atatu ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, osapuma, kufikira makilomita onse 42 atatha. Chaka cha 2008 ku Beijing adakhala wachitatu pa mamita 5,000, nalandiranso mendulo.

Liwiro lisanduka mankhwala

Tsono mungafunse kuti: kodi kuthamanga kuthandiza bwanji munthu wodwala? Mwambo wache ndi wotere. Pa makani akuru a marathoni anthu zikwizikwi amalembetsa maina, nalipira ndalama zolowera. Ndipo ambiri a iwo amayamba ayenda kwa abale, abwenzi ndi makampani kupempha kuti awalonjeze kanthu akatsiriza mtundawo. Ndalamazo sizilowa m'thumba la wothamanga ai, zimapita ku nchito yachifundo imene iye adaisankha. Marathoni a ku London, amene adayamba chaka cha 1981, pofika chaka cha 2019 anali atasonkhanitsa ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni mwa njira imeneyi.

Chaka cha 2003 banki ya Standard Chartered idayamba nchito yotchedwa Seeing is Believing, yolimbana ndi khungu lotheka kulipewa kapena kulichiza. Henry ndi Joseph adasankhidwa kukhala akazembe a nchitoyo. Adathamanga m'mizinda monga Nairobi, Hong Kong, Singapore ndi Mumbai, nalankhula kwa ana a sukulu ndi kwa anthu achuma, kuti atsegule manja ao. Eni nchitoyo adalinga kusonkhanitsa madola 100 miliyoni pofika chaka cha 2020, ndipo adakwanitsa chiwerengerocho chaka cha 2018, nthawi isanakwane. Ndalamazo zidalipira opaleshoni za maso, mandala, mankhwala, ndi kuphunzitsa anchito a m'zipatala m'maiko osauka.

Taonani chodabwitsa chache: khungu la Henry silichizika, ndipo ndalama zonsezo sizikadabweza maso ache. Iye adathamangira anthu ena, amene maso ao angathe kutseguka. Ndiponso sadaiwale amene adamthandiza kudzuka: ndi ndalama za mphotho ndi za anthu achifundo adagula makina olukira, kuti akhungu anzache apeze nchito yodyera, nakhazikitsa bungwe lotchedwa ndi dzina lache, Henry Wanyoike Foundation, lothandiza olumala ndi ana osauka a kwao.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalengeza chaka cha 2019 kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi bvuto la maso, ndi kuti mwa iwo osachepera 1 biliyoni bvuto lao likadapewedwa, kapena silinalandirebe chithandizo. Nthenda imene ichititsa khungu anthu ambiri koposa ndi ng'ala. M'kati mwa diso muli kagalasi koyera kolowetsa kuwala. Munthu akamakalamba kamachita chifunga, ndipo pamapeto pache saonanso. Dotolo amachotsa kagalasi kachifungako naikapo kena kopangidwa. Nchitoyo kawirikawiri sifika ora limodzi, ndipo ambiri amayamba kupenya m'mawa mwache.

Za kwathu kuno

Zinthu zimenezi si za ku Kenya kokha. Chaka cha 2016 dziko la Malawi lidatumiza munthu woyamba ku makani a Paralympics, ku Rio de Janeiro. Ndiye Taonere Banda, mtsikana wobvutika maso, wothamanga mamita 1,500. Ndipo chaka cha 2022 bungwe la WHO lidabvomereza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trachoma, imene kale idachititsa khungu anthu ambiri m'midzi.

Tsono inu makolo, ngati muli ndi mwana wosapenya bwino, musambise m'nyumba, musamuyese wopanda pache. Mukamuonetse ku chipatala msanga, ndipo mufunse aphunzitsi za sukulu imene ingamlandire. Ngati agogo m'maso mwao mwayera, musanene kuti ndi ukalamba chabe. Kapena ndi ng'ala, ndipo ng'ala ichizika. Musathire m'maso madzi a zitsamba kapena mankhwala osadziwika, pakuti maso ambiri aonongeka motero.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, phunzirani kwa Joseph kutsogolera kwabwino. Mukakumana ndi munthu wakhungu, yambani mwampatsa moni ndi kutchula dzina lanu, nimumfunse ngati afuna chithandizo. Musamkoke dzanja kapena ndodo yache, musamkankhe kumbuyo. Koma iye agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, inu mutsogole pang'ono, muyende monga mwa mayendedwe ache. Muzimuuza za mwala, za mtsinje, za khomo lalifupi zisanafike. Pomkhazika, ikani dzanja lache pa mpando kapena pa mphasa; ndipo pochoka mumtsazike, kuti asatsale akulankhula yekha. Pa nyumba, khasu, mtondo ndi ndowa zikhale pa malo ache a masiku onse, ndipo moto usasiyidwe panjira.

Kuyenda awiri si mantha, adatero akuru. Ngati pa mudzi panu pali mnyamata kapena mtsikana wosapenya amene ali ndi miyendo yolimba, mmodzi wa inu adule kachingwe kakafupi, napite naye ku bwalo la sukulu m'mamawa anthu asanachuruke. Muyambe ndi kuyenda, kenaka kuthamanga pang'ono, mukuuzana zonse za m'njira. Mawa muonjezepo mtunda. Henry ndi anzache nawonso adayamba motero.