Chitsulo Chigwirizira, Fupa Lidzilumikiza Lokha

Munthu akagwa pa njinga yamoto ya kabaza m'zitunda za Ndirande kapena Bangwe, nathyoka fupa la pakati pa phewa ndi chigongono, kawirikawiri madokotala a ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, amangoumanga mkonowo. Koma fupa likasweka koopsa, amang'amba mnofu, nagoneka chitsulo chopyapyala pafupapo, nachikhomera ndi masikuluwu.

Popeza mutu umodzi susenza denga, masikuluwu amakhala atatu kapena anayi kumtunda kwa pothyokapo, enanso otero kumunsi, ndipo sikuluwu iliyonse imaboola makoma onse awiri a fupa, pakuti mkono umapindika ndiponso umapotoka, monga pamene mayi afinya chitenje pochapa. Kwa okalamba, amene mafupa awo afumbwa m'kati, alipo masikuluwu amene mitu yake imalumana ndi chitsulocho, kuti angazuke.

Komatu chitsulo sindicho chichiritsa. Chimangogwirizira kufikira fupa litalumikizana, pafupifupi miyezi 3. Monga waya wopindidwapindidwa potsiriza amaduka, chomwechonso chitsulo chimatopa, mwini wake akafulumira kusenza ndowa ya madzi pa mtunda wa ku Chilomoni. Indetu, kuona maso a nkhono n'kudekha.