Wongoyamba kukwera mapiri asafulumire kutsanzika Zomba

Magulu okwera mapiri achuluka m'Malawi muno. Loweruka likafika, pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadzaza zithunzi za achinyamata, ngakhalenso amayi ndi abambo a m'maofesi, ataima pathanthwe, botolo la madzi kumanja, thukuta lili kamukamu. Ambiri amayambira paphiri la Zomba, ndipo akangotsika amayamba kufunsa za Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002. Kwa iwo Zomba ndi phiri la ana asukulu, loti ukalikwera kamodzi wathana nalo. Maganizo amenewa ndi olakwika. Njira ya m'mphepete mwa phiri la Zomba ndi yophweka m'miyezi ina komanso m'maola ena okha, ndipo munthu wofuna kudziwa mapiri angaphunzire zambiri poyenda njira imodzi yomweyo m'chisanu, m'chilimwe ndi m'dzinja kusiyana ndi kukwera mapiri atatu m'mwezi wa Juni wokha.

Chimene chimachititsa Zomba kukomera ongoyamba ndi maonekedwe ake. Pamwamba pake pali ngati mbale ya ndiwo: m'mbali motukuka, pakati polowa, ndipo pakatipo ndi pamene mtsinje wa Mulunguzi umasonkhanitsira madzi ake usanatsikire mumzinda. Msewu wa tala umachoka m'tauni mpaka ku hotela ya Ku Chawe, choncho chitunda chovuta kwambiri galimoto imatha kukukwerera. Wofuna kuyesa mawondo ake amadzera Potato Path, kanjira koongoka komwe alimi ankatsitsira mbatatesi kumsika. Kuchokera ku Ku Chawe munthu amadutsa damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi kadamu ka Chagwa, n'kukatulukira kumphepete kwa phiri pa Queen's View, pomwe mayi wa Mfumukazi Elizabeth anaima mu 1957, ndi pa Emperor's View, pomwe anafika Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Ulendowu sufuna chingwe, sufuna kugona paphiri, ndipo misewu ya a zankhalango imadutsana ndi njirayi malo angapo, moti wotopa sasowa pobwerera. Mbali ya kumadzulo kuli Chingwe's Hole ndi nsonga ya Malumbe, yomwe imapitirira pang'ono mamita 2,000.

Aliyense amene mungamufunse adzakuuzani kuti nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo sakunama. Mvula imakhala itatsuka mlengalenga, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi zimaoneka bwinobwino, Mulanje ali poteropo ngati ungamukhudze. Koma malangizo amenewa amabisa mbali ina. Miyezi yomweyi ndi ya chiperoni, mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, imene ikagunda phiri imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Imatha kufika pa nthawi yochepa kwambiri. Munthu amanyamuka m'tauni dzuwa likuwala, atavala tisheti yokha, n'kupeza kuti pa Emperor's View sakutha kuona mnzake amene ali mapazi makumi awiri patsogolo pake, pomwe phompho lili pambali pomwepo. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo kuchokera mumzinda wa Zomba kufika ku Malumbe ndi kukwera kopitirira pamenepo. Onjezani mphepo ya pamsana pa phiri ndi malaya a thonje onyowa ndi thukuta, mupeza munthu akunjenjemera masana dzuwa lili paliwombo kuseri kwa mitambo. Mu Juni dzuwa limalowa patangopita 5 koloko, ndiye gulu limene lanyamuka mochedwa chifukwa chodikira mnzawo wa ku Blantyre limatsika ndi tochi ya pafoni. Palinso chitedze m'tchire la kumunsi, chomwe chimakhala chitakhwima nthawi imeneyi. Amene chinamugwirapo sachiiwala, ndipo sakhalanso pansi chisawawa kuti apume.

Chilimwe chimanyenga mwa mtundu wina. Njira imauma, thambo limakhala lopanda mtambo, ndipo wongoyamba amaganiza kuti palibe choopa. Komatu Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya moto. Udzu umakhala utauma gwa, masamba a paini ataunjikana pansi, osaka mbewa ndi ootcha tchire ali ponseponse. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amaotcheratu udzu umene uli kumtunda kwake, choncho amene ali pamsana pa phiri akaona utsi kumunsi kwake ndiye ali pamalo oipa. Sayenera kuthawira kumtunda, koma kulowera cham'mbali, pamsewu, pathanthwe kapena pa lupsa pomwe papsa kale. Masamba a paini oumawo amatereranso kuposa matope, makamaka potsika, ndipo nsapato yosalala kunsi imagwetsa munthu pamalo pomwe mu Juni anadutsa akuimba. Utsi ndi fumbi zimaphimba chigwa moti Chilwa amangooneka mbuu, Mulanje osaoneka n'komwe. Wobwera kudzajambula zithunzi amakhumudwa. Koma wobwera kudzaphunzira phiri ndi pamene amadziwa kuchuluka kwa madzi amene thupi lake limafuna, chifukwa chake kunyamuka 6 koloko mmawa kumasiyana ndi kunyamuka 10 koloko, ndiponso timitsinje timene timaphwa ndi timene timapirira mpaka chizimalupsa. Ndi nthawi yomweyi pamene mitengo ya miombo ya m'munsi mwa phiri imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe.

Chotsutsa champhamvu kwambiri chili pa dzinja. Wina anganene kuti kulimbikitsa munthu wosazolowera kuti akwere phiri nthawi ya mvula n'kusasamala moyo wake, ndipo ali ndi umboni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a kumwera, matope ndi miyala zinatsika pa Soche ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje, n'kupha anthu mazanamazana. Palibe amene angatsutse kuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, kapena a zanyengo akachenjeza za namondwe, phiri lililonse ndi loletsedwa, kaya ndi lophweka motani. Koma masiku ambiri a dzinja sakhala otero. Kawirikawiri mmawa kumacha bwino, mitambo imaunjikana chakumasana, mvula ya mabingu n'kugwa chakumadzulo. Amene wanyamuka mmamawa n'kukhala atachoka pamalo oonekera nthawi ya nkhomaliro isanakwane wapewa mbali yaikulu ya ngozi. Mphezi ndiye mdani weniweni pamsana pa phiri, ndipo ili ndi muyeso wosavuta: phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye ngati bingu lamveka pasanathe masekondi 30 chionekereni ching'aning'ani, mvulayo ili pafupi moti m'pofunika kutsika msanga, osabisala pansi pa mtengo woima paokha. Mtsinje wodzaza suwolokedwa, ngakhale pa malo pomwe m'chilimwe munthu anadumpha ndi phazi limodzi. Zimenezi zimaphunzirika bwino pa Zomba, pomwe msewu uli pafupi, kusiyana ndi kukaziphunzira koyamba pa Mulanje, pomwe mitsinje imafufuma mwadzidzidzi ndipo thandizo lili kutali. Ndipo dzinja lili ndi mphoto yake: mathithi a Williams amalindima, maluwa a m'tchire amabiriwira m'madambo, mvula ikakata mlengalenga mumayera kuposa mu Julayi. Linthumbu nalo limakhala pa ulendo, ndipo wongoyang'ana kumwamba amavina gule wosakonzekera.

Ena amati kubwereza njira imodzi n'kotopetsa komanso n'kuwononga ndalama za thiransipoti, zomwe masiku ano si zamasewera. Ena amapitirira n'kunena kuti kukwera phiri popanda chokatenga ndi masewera a anthu okhuta, popeza pa njira zomwezi amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu ndipo abambo amatsika atasenza matabwa, ena atavala patapata. Mawu achiwiriwa ali ndi choonadi chowawa, koma akutsimikiza mfundo yomweyi. Mayi wa nkhuni uja saterereka pomwe mlendo wa nsapato zodula wagwa, osati chifukwa ali ndi mphamvu zoposa, koma chifukwa mwala uliwonse anaupondapo uli wouma ndiponso uli wonyowa. Amayang'ana mtambo wa mbali ya ku Mulanje n'kudziwa kuti amange mtolo abwerere. Nzeru yomweyo ndi imene anyamata operekeza alendo a pafupi ndi Ku Chawe amagulitsa, ndipo wongoyamba amene amakana kuwalipira poti ali ndi mapu pafoni akuiwala kuti safunsa anadya phula. Mapu amaonetsa njira, koma sanena kuti paini wa pamphambano, yemwe anali chizindikiro chaka chatha, anadulidwa.

Kudulidwa kwa mitengoko ndi chifukwa china chobwererabwerera. Nkhalango ya Zomba ndi yotetezedwa kuyambira 1913, ndipo madzi amene anthu a mumzindawu amamwa, ophunzira a ku yunivesite ndi odwala a m'zipatala omwe, amachokera m'damu la Mulunguzi pamwamba pomwepa. Wobwera kamodzi amaona malo okongola ndi sitiroberi zogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Wobwera mu Juni, mu Okutobala ndi mu Febuluwale amaona chitunda chomwe chinali ndi mitengo chitasanduka zitsa, kenaka chitapsa, kenaka madzi ofiira akutsika nacho. Munthu wotero akamva za ntchito yodzala mitengo kapena yolambula njira zotchinga moto, amadziwa malo amene akukambidwa, ndipo sanamizidwa ndi chithunzi cha nduna itagwira mbande.

Sapitwa payokha si yoletsedwa, ndipo ambiri amaikwera n'kubwerako bwino. Koma mu Julayi 2009, mwezi womwewo umene timautcha wabwino, mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil anapitirira yekha kupita kunsongako wopanda womuperekeza, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha pafupifupi milungu itatu, atafa ndi kuzizira. Anali munthu wamphamvu, woyendayenda m'maiko ambiri. Gulu limene likukonza ulendo wa ku Sapitwa liyambe lafunsana kuti ndi angati mwa iwo anakumanapo ndi chiperoni pamalo oonekera, angati anabwererapo panjira asanafike chifukwa cha bingu, ndiponso angati amanyamula juzi, jekete ya mvula ndi tochi ngakhale kutacha bwino. Ngati ndi ochepa, ndalama za ku Mulanjezo zikhoza kulipira maulendo angapo a pa Zomba, umodzi wa mu Okutobala, wina wa mu Febuluwale, ndipo wa ku Sapitwa udikire chisanu chinacho.