Ahijra a ku India Aopa Cipatala

Ku India kuli anthu ochedwa ahijra. Ambiri anabadwa amuna koma amadzimva ndi kukhala monga akazi. Mu 2014 Bwalo Lalikulu la Milandu linawavomereza monga gulu lacitatu, komabe kucipatala amasekedwa, ngakhale wodi yowagoneka imasowa. Motero ambiri amacedwa kukapimitsa magazi. Mu 2017 ahijra atatu pa 100 anali ndi kalombo ka HIV, pamene mwa anthu wamba sanakwane ndi mmodzi yemwe.

Obadwira m'fuko lonyozedwa la Dalit amasalidwa pawiri. Grace Banu, wa fukoli, amamenyera kuti apatulidwire malo kusukulu ndi kunchito m'fuko lililonse. Mu 2021 cigawo ca Karnataka cinawapatulira nchito ya boma imodzi pa 100.