Mfuti zakale zimene zikadali m'chiuno mwa anthu ku America

Ku America, kumene zigawo zonse 50 zimalola munthu kuyenda ndi mfuti yobisa pansi pa malaya motsatira malamulo a chigawocho, alipo anthu amene mfuti zatsopano zapulasitiki siziwagwira mtima. Iwo amazungulira m'masitolo a zida zakale kufunafuna pisitolo yachitsulo, yaing'ono, imene inapangidwa makolo awo ali anyamata.

Yotchuka kuposa zonse ndi Walther PPK ya ku Germany, imene inatuluka mu 1931. Ndi yopyapyala, yosalala m'mbali, ndipo siikola malaya poisolola. Mafilimu a James Bond ndiwo anaimveketsa dziko lonse, ndipo wogula lero amalipira mbiriyo pamwamba pa chitsulocho. Lamulo la mfuti la ku America la 1968 linaletsa kuitanitsa PPK kuchokera kunja chifukwa cha kuchepa kwake, mpaka Walther inapanga PPK/S yokhala ndi chogwirira chachitali pang'ono. PPK ya zipolopolo za .380 imalowa 6 zokha, ndipo a manja aakulu amadandaula kuti chitsulo chapamwamba, pobwerera m'mbuyo, chimawacheka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Amene amawerengera ndalama amayang'ana kum'mawa kwa Ulaya. Makarov, imene asilikali a Soviet Union anayamba kunyamula mu 1951, ili ndi tizitsulo tochepa m'kati, choncho siiwonongeka wamba. Imalowa zipolopolo 8 za 9x18mm. Maboma achikomyunizimu atagwa, mfuti zotere zochokera ku East Germany ndi Bulgaria zinakhuthukira ku America m'ma 1990 pamtengo wozizira kwambiri. Pambuyo pake kunafika CZ 82 ya ku Czechoslovakia, yolowa zipolopolo 12 za mtundu womwewo, koma chogwirira chake n'chonenepa ndipo chimatukumula malaya.

Zitatu zonsezi zili ndi kapangidwe kamodzi: mpope wake sugwedezeka, ndipo chimene chimagwira mphamvu ya chipolopolo ndi kulemera kwa chitsulo chapamwamba pamodzi ndi sipuling'i yolimba. Zotsatira zake, munthu wa manja ofooka amavutika kuikoka, ndipo ikalira imagunda dzanja kuposa mmene kuchepa kwake kumaonetsera. Zipolopolo za 9x18mm nazonso sizipezeka m'sitolo iliyonse.

Apa ndi pamene Smith & Wesson 3913, ya cha m'ma 1990, imapambanira. Thupi lake ndi la aluminiyamu, lopepuka komanso lopyapyala, ndipo imalowa zipolopolo 8 za 9x19mm, zamphamvu kuposa za zinzakezo komanso zopezeka paliponse. Vuto n'lakuti anasiya kuipanga, ndiye kachitsulo kakathyoka mwini wake amasakasaka kwa ogulitsa zotsalira.

Komabe mfuti zatsopano zili ndi ubwino wake: mu 2018 SIG Sauer inatulutsa P365, yolowa zipolopolo 10 za 9x19mm koma yolemera pafupifupi magalamu 500, pamene Makarov imapitirira magalamu 700. Kusiyana kumeneku amakumva ndi munthu woimangirira pa lamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nazo nkhokwe za asilikali akale zikutha, mitengo ya Makarov ndi CZ 82 yakwera, ndipo wogula ayenera kuwonjezerapo ndalama za sipuling'i zatsopano, timabokosi ta zipolopolo tapadera, ndi za mmisiri woti aiunike asanaidalire.