NJINGA M'NJIRA ZA FUMBI ZA KUMALAMBO

MUNTHU wopalasa njinga kucokera ku Chipata kulinga ku cigwa ca Luangwa amayamba ulendo wace pamalo okwera mamita oposa 1,100 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo pofika ku Mfuwe amakhala atatsika ndi mamita pafupi-fupi 600. Koma kutsika kumeneku sikwa tsetse-tsetse ai. Pakati pa mtunda ndi cigwa, cimene eni ace amacicha Malambo, pali mapiri, zitunda za miyala ndi mitsinje ya mcenga, ndipo njira zambiri zopita kumeneko zikali za fumbi kufikira lero.

Njira zotere, zimene oyendetsa galimoto amadandaula nazo, ndizo zikufunidwa tsopano ndi anthu a masewera a njinga m'maiko ambiri. Masewerawa ndi opalasa m'miseu ya dothi ndi ya timiyala, kutali ndi tala. Mpikisano wao wochuka umacitikira ku Emporia m'cigawo ca Kansas ku America. Unayamba m'caka ca 2006 ndi anthu 34 okha, pa mtunda wa makilomita 320, ndipo lero umachedwa Unbound Gravel. Ku Kenya mpikisano wa Migration Gravel Race unayamba mu 2021 m'dera la Maasai Mara, ndipo mu 2022 bungwe la UCI linacititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtundu umenewu ku Italy. Njinga zace zimaoneka ngati za liwiro, za mahandulo opindikira pansi, koma matayala ace ndi onenepa, a mamilimita 35 mpaka 50, kuti agwire bwino m'dothi.

Kwa anthu a m'Cigawo ca Kum'mawa nkhani imeneyi ingathe kuseketsa, pakuti cimene ena akuyesa masewera atsopano iwo akhala akucicita kuyambira kale. Chipata ndi mzinda wa njinga. M'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle mumzindamo, ndipo m'zaka za posacedwa kwabwera njinga za Buffalo, zimene keriya yace inapangidwa kuti isenze makilogiramu 100. Pa njinga zoterezi alimi amanyamula thonje, cimanga ndi mpunga, amalonda amatsitsira ndiwo zamasamba ku misika ya m'cigwa, ndipo odwala amatengeredwa ku cipatala. Cotero mlendo wofuna kupalasa ku Malambo adziwe kuti akulowa m'njira zimene ziri ndi eni ace, ndipo eni akewo ndiwo aphunzitsi ace.

NJIRA ZITATU

Mseu waukulu wocokera ku Chipata kupyola kwa Jumbe ndi Masumba mpaka ku Mfuwe, wa makilomita pafupi-fupi 130, unali wa fumbi kwa zaka zambiri koma tsopano uli ndi tala. Wofuna dothi ayenera kusankha pa njira zina.

Yoyamba ndi yocokera ku Katete kutsikira kwa Msoro. Imayamba m'minda ya Acewa, nkulowa m'mapiri momwe mabuleki amagwira nchito koposa miyendo, kenaka nkufika pa mtsinje wa Lupande m'dziko la Akunda. Pa Msoro pali mishoni yakale ya Anglican, imene wansembe Leonard Kamungu, wocokera ku dera la Nkhotakota ku Malawi, anatumikirapo mpaka imfa yace mu 1913. Kucokera pamenepo njira imapitirira kumpoto kukakumana ndi mseu wa ku Mfuwe.

Yaciwiri ndi mseu wakale wa Petauke, wotalika makilomita oposa 150. Umadutsa m'dziko la Ansenga kwa Mfumu Sandwe, nutsika zitunda za miyala yogumuka, nuoloka mtsinje wa Lusangazi, ndipo kwa Mfumu Malama umayenda moyandikana ndi Luangwa weni-weni. Iyi ndiyo njira yokongola koposa, komanso yobvuta koposa. Midzi iri patali-patali, masitolo ndi ocepa, ndipo m'malo ena wopalasa amatsika nkukankha njinga mumcenga. Munthu wanzeru amaigawa masiku awiri kapena atatu.

Yacitatu ndi yakumpoto, yocokera ku Mfuwe kuoloka Msandile, kupyola dera la Nsefu, paki ya Luambe ndi kwa Chitungulu, kenaka nkukwera mapiri kupita ku Lundazi. Popeza imalowa m'malo osungira nyama, wopalasa ayenera kuyamba waonana ndi anchito a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife ku Mfuwe, ndi kutsata zimene iwo anganene pa zipata.

NYENGO NDIYO IMALAMULA

Palibe njira pa zitatuzi imene imayendeka caka conse. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, dothi lakuda la m'cigwa limasanduka matope omata amene amakanirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Mitsinje imene m'cilimwe inali mcenga wokha-wokha imadzaza usiku umodzi, ndipo midzi ina imakhala yosafikika kwa masabata. Matope aja akauma amasunga mapazi a njobvu ndi mvuu, olimba ngati njerwa, amene amathyola masipoko.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene njira zauma ndipo mphepo ndi yozizira. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nkhalango za mitengo ya mupani, imene nthawi imeneyo iribe masamba, mthunzi umasowa. Madzi amapezeka pa zitsime za mipope m'midzi ndi pa masukulu, koma siziri zonse zimene zimagwira nchito, cotero ndi bwino kufunsa pa mudzi uli wonse za citsime cotsatira. Pampu, cubu capadera, zigamba ndi sulushoni zisatsale, cifukwa minga ndi yambiri. Zobvala zikhale zowala, pakuti nchenche za tsetse, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, zimakopeka ndi nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, ndiponso zimalondola cinthu coyenda.

NJOBVU PA NJIRA

Coopsa cacikulu si phiri kapena dzuwa. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050, iribe mpanda. Njobvu zimaoloka Luangwa madzulo kukadya m'minda ndi m'mitengo ya mango ya m'midzi ya m'dera la Lupande, ndipo zimabwerera m'banda kuca. Njinga simveka phokoso monga galimoto, cotero wopalasa angathe kutulukira pakati pa njobvu ndi mwana wace asanadziwe. Anthu a m'cigwa akhala akutaya abale ao mwa njira imeneyi.

Apa ndi pamene mlendo amasokonezeka. Pothawa dzuwa amafuna kunyamuka kukali mdima, koma imeneyo ndiyo nthawi ya njobvu. Eni dziko amadikira kuti kuyere, amayenda m'magulu, amayang'ana ndowe ndi nthambi zothyoledwa kumene, ndipo akakumana ndi wocokera kutsogolo amaima ndi kufunsana za njira. Akaona njobvu amaima patali ndi kuleza mtima, ngakhale kwa ola lathunthu. Nzeru zimenezi sizilembedwa pa mapu ali onse. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ku Malambo wosafunsa angataye coposa cakudya ca tsiku limodzi.

PHINDU LIKHALE LA ENI NJIRA

Alendo si acilendo m'cigwa cimeneci. Mu 1950 Mfumu Nsefu, pomvana ndi Norman Carr, inapatula mbali ya dziko lace kuti alendo adziona nyama ndipo ndarama zace zidzithandiza anthu ace. Koma alendo ambiri a masiku ano amatera pa bwalo la ndeke la Mfuwe, nkukwera galimoto, osaponda m'mudzi. Wa njinga ndi wosiyana. Amayenda pang'ono-pang'ono, amamva ludzu ndi njala, amagula nthoci ndi zitumbuwa, amafuna pogona, ndipo cheni cikaduka amafuna wokonza njinga wa pansi pa mtengo. Ndarama yace imatsalira kwa Sandwe, kwa Malama ndi kwa Msoro, kumene galimoto za alendo sizimaima.

Kuti zimenezi zitheke, mlendo ayenera kusunga mwambo. Wofuna kugona m'mudzi ayambe waonekera kwa anyakwawa, wofuna kujambula anthu apemphe, ndipo wolowa m'njira ya nyama atenge mnyamata kapena mtsikana wa m'deralo womtsogolera ndi kumlipira moyenera. Pa citunda copapatiza, wa njinga yopepuka ndiye apatukire wosenza matumba.

Nawo makhonsolo a Mambwe, Lusangazi ndi maboma oyandikana nao ali ndi mbali yao. Ulalo wokokoloka umabweza mlendo ku hotela yace, ndipo iye amangotaya tsiku limodzi la cisangalalo. Ulalo womwewo umatsekereza mai wapakati amene akutengeredwa ku cipatala ca Kamoto, ndi mlimi amene thonje lace likudikira msika. Kukonza njira za fumbi za ku Malambo ndi nchito yoyenera kucitidwa cifukwa ca anthu amenewa coyamba. Zikakonzedwa, ndipo eni ace akamalemekezedwa, alendo a njinga adzapeza m'cigwa ca Luangwa zimene ena amapita kukazifuna ku Kansas ndi ku Kenya.